Sukulu za udokotala zachuluka m'chigawo, koma mtolo watsalira akuluakulu oziyendetsa

BLANTYRE – Pamene dziko la Malawi linkatsegula sukulu yake yoyamba ya udokotala m'chaka cha 1991, sukulu zoterezi zidali zowerengeka m'chigawo cha kum'mwera kwa Africa. Kupatula ku South Africa, wophunzira wa m'maiko oyandikana ndi Malawi wofuna ntchitoyi ankayang'ana ku Harare, ku Lusaka, ku Maputo kapena ku Dar es Salaam, apo ayi kutsidya kwa nyanja.

Lero zinthu zidasintha. Botswana idayamba kuphunzitsa madokotala ake m'chaka cha 2009, Namibia mu 2010, ndipo Zambia idatsegula sukulu yachiwiri ya boma mumzinda wa Ndola mu 2011. Ku Mozambique maphunzirowa akupezekanso ku Beira, ku Nampula ndi ku Tete. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2011 adapeza sukulu za udokotala 168 m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zina zambiri zatsegulidwa, za boma ndi zomwe si za boma.

Chomwe chidautsa liwiro limeneli n'chodziwika. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2006 lidati Africa imasenza magawo 24 mwa magawo 100 alionse a mavuto a matenda padziko lapansi, koma ili ndi anthu atatu okha mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito zachipatala. Mwa maiko 57 omwe lipotilo lidati ali pamoto chifukwa chosowa ogwira ntchitowa, 36 adali a kum'mwera kwa Sahara. Maboma adamva, ndipo adamanga.

Koma walira mvula walira matope. Sukulu iliyonse yatsopano imafuna aphunzitsi, chipatala chophunzitsira, ndalama komanso chilolezo, ndipo zonsezi sizipezeka pa khomo limodzi. Munthu amene amayembekezereka kuzisonkhanitsa ndi mkulu wa sukuluyo, yemwe m'mayunivesite a chigawochi amadziwika ndi dzina la udindo wake loti Dean. Dzina lake silimveka kawirikawiri pa wailesi. Komabe mtundu wa dokotala yemwe mayi wa ku Chipata kapena ku Angónia adzakumane naye zaka khumi zikudzazi ukutsimikizidwa panopa ndi zomwe mkuluyu akuvomera kapena kukana.

Udindowu umasiyana kwambiri ndi wa mkulu wa nthambi yophunzitsa mbiri yakale kapena masamu. Sukulu yophunzitsa ntchito monga udokotala, zamalamulo kapena uinjiniya imayankha ku yunivesite yake, komanso ku bungwe la eni ntchitoyo lomwe limapereka chiphaso chogwirira ntchito. Digiri ikhoza kutuluka bwinobwino ku yunivesite, koma ngati bungwe la Medical Council of Malawi kapena la Health Professions Council of Zambia silidakhutire ndi kaphunzitsidwe kake, mwini digiriyo sangagwire wodwala. Kwa sukulu ya udokotala vuto limakula chifukwa kalasi yake yeniyeni ndi wodi ya m'chipatala, ndipo chipatalacho si chake. Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, University Teaching Hospital ku Lusaka ndi Parirenyatwa ku Harare zonse zili m'manja mwa maunduna a zaumoyo, pamene sukulu zomwe zimaphunzitsiramo zili pansi pa maunduna a zamaphunziro. Mankhwala akatha, kapena makina ojambulira akawonongeka, maphunziro amasokonekera, koma Dean alibe mphamvu yolamula kuti agule ena.

Mbiri ya sukulu ya ku Blantyre ikuonetsa kuti maganizo a mkulu woyamba amakhala ndi sukulu kwa nthawi yaitali. Zambia idalemba ophunzira oyamba a udokotala mu 1966, patangotha zaka ziwiri ilandirire ufulu wodzilamulira, ndipo madokotala ake oyamba adatuluka mu 1973. Malawi idadikira zaka 27, ngakhale kuti mtsogoleri wake panthawiyo, Dr Hastings Kamuzu Banda, adali dokotala. M'zaka zonsezo boma linkatumiza achinyamata kunja, ndipo ambiri sankabwerera.

Dongosolo lomwe lidakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 lidali loyambira kudenga kutsika pansi. Ophunzira ankayamba maphunziro awo kunja, monga ku St Andrews ku Scotland, m'zipatala za ku London ndi ku Adelaide ku Australia, kenako n'kubwera kudzamalizira kwawo, pakati pa odwala malungo, chifuwa chachikulu ndi Edzi omwe adzakhale akuwathandiza moyo wawo wonse. Gulu loyamba lidalandira madigiri mu 1992, ndipo pofika mu 1994 sukuluyo idayamba kulemba ophunzira oti aphunzire zonse m'dziko momwemo. Mkulu woyamba adali Pulofesa Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia, ndipo adatsatiridwa ndi Pulofesa John Chiphangwi, Mmalawi wodziwa za uchembere yemwe adalimbikira ganizo la sukuluyi kuyambira pachiyambi. Iwo ndi anzawo adaika maphunziro a zaumoyo wa anthu akumudzi pakati penipeni pa dongosolo lonse, n'kutsegula nthambi ku Mangochi komwe ophunzira amapita kukaona m'mene matenda amayambira m'midzi asadafike ku chipatala chachikulu. Ganizo limeneli silidali lokakamiza. Sukulu ikadatha kungokopera dongosolo la ku London, ndipo ikadatulutsa madokotala oyenera London.

Sikuti ndi Malawi yokha yomwe idayamba ndi mkulu wochokera kunja. Ku Botswana woyambitsa sukulu adali Pulofesa Thomas Massaro wa ku America, ndipo ku Namibia adali Pulofesa Peter Nyarango wa ku Kenya. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Zikungoonetsa msampha womwe dziko lililonse losowa madokotala limagweramo: kuti lipeze madokotala likufunika aphunzitsi, koma aphunzitsiwo ndi madokotala omwewo omwe lilibe.

Kuwerengetsera kwake n'kosavuta. Nyumba zophunziriramo zimatha m'zaka ziwiri kapena zitatu. Mphunzitsi wa maopaleshoni kapena wa matenda a ana amatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za digiri yoyamba, chaka ndi theka kapena ziwiri zogwira ntchito moyang'aniridwa, ndi zina zinayi kapena kuposerapo za ukadaulo. Akamafika poimirira kutsogolo kwa kalasi pamakhala patadutsa zaka zoposa khumi, ndipo panthawi imeneyo zipatala za ku Britain, Australia ndi South Africa zimakhala zikumufuna kale. Botswana, dziko lomwe silisowa ndalama ngati anzake ena, idamanga chipatala chophunzitsira cha mabedi 450 pa yunivesite yake ku Gaborone, chomwe pano chimatchedwa Sir Ketumile Masire Teaching Hospital. Chipatalacho chidakhala zaka zingapo chisakugwira ntchito mokwanira, mpaka mu 2020 pamene chidasandutsidwa malo osamalirapo odwala Covid-19. M'zaka zonsezo ophunzira ankaphunzirabe m'mawodi odzaza a Princess Marina.

Pamene aphunzitsi akuchuluka pang'onopang'ono chonchi, chiwerengero cha ophunzira chimakwera mofulumira, ndipo kawirikawiri amene amachikweza si Dean. Andale amafuna kulengeza kuti madokotala achuluka. Yunivesite yomwe thandizo lake lochokera ku boma likuchepa imaona wophunzira aliyense wolipira fizi ngati mpumulo. Makolo nawo, mwana wawo atakhoza bwino, samvetsa chifukwa chomwe akanizidwira malo. Onsewa ali ndi mfundo zomveka. Koma bedi limodzi la wodwala silingazunguliridwe ndi ophunzira 30 ndipo onse n'kuphunzira kumvetsera kugunda kwa mtima. Mayi woyembekezera sangapimidwe ndi manja khumi motsatizana. Mkulu wa sukulu akavomera chiwerengero chomwe wapatsidwa, amadziwa kuti ena adzatuluka asadaberekitseko mayi ndi mmodzi yemwe paokha; akakana, amaoneka ngati wotsekera ana a anthu osauka mwayi. Mabungwe opereka ziphaso akabwera kudzayendera, ndiye amene amafunsidwa.

Nkhani ya ndalama nayo ili ndi mbali yake yobisika. M'sukulu zambiri za m'chigawochi, boma limalipira malipiro a aphunzitsi, koma kafukufuku, malabotale abwino, intaneti ndi maphunziro apamwamba a aphunzitsi achinyamata zimadalira thandizo lakunja. Ku Blantyre, mgwirizano wa Malawi-Liverpool-Wellcome, womwe udayamba mu 1995, watulutsa akatswiri ambiri omwe lero akuphunzitsa. Kuyambira 2010 mpaka 2015 boma la America lidapereka ndalama pafupifupi 130 miliyoni za dziko limenelo kudzera m'ndondomeko ya MEPI ku sukulu za udokotala 13 m'maiko 12, kuphatikizapo za ku Lusaka, Harare, Gaborone ndi Maputo. Chomwe chidakondweretsa ambiri pa ndondomekoyi n'chakuti ndalamazo zinkapita mwachindunji ku sukulu za mu Africa, osadzera ku mayunivesite a ku America.

Thandizo lotere limakoma, koma limabwera ndi zofuna za mwini ndalama. N'kosavuta kupeza ndalama zofufuzira Edzi, malungo kapena chifuwa chachikulu kusiyana ndi kupeza malipiro a munthu wophunzitsa kapangidwe ka thupi la munthu kwa ophunzira a chaka choyamba. Mphunzitsi wanzeru amaona msanga komwe kuli tsogolo, ndipo nthawi yake yambiri imathera ku pulojekiti osati m'kalasi. Komanso mwini ndalama akhoza kusintha maganizo. Mu 2025 boma la America lidaimitsa gawo lalikulu la thandizo lake lakunja, lidatseka bungwe la USAID, ndipo lidadula ndalama zambiri za kafukufuku wa zaumoyo, makamaka ku South Africa. Ogwira ntchito omwe malipiro awo ankachokera m'mapulojekiti amenewa ndi omwewo omwe ankathandiza kuyang'anira ophunzira m'zipatala.

Chodabwitsa china n'chakuti maiko omwe akusowa madokotala akhala akulephera kulemba ntchito madokotala omwe aphunzitsa okha. Ku Malawi izi zidaonekera poyera mu 2015, pamene gulu la omaliza kumene maphunziro lidakhala miyezi ingapo pakhomo boma likuti lilibe ndalama. Ku Zambia achinyamata ambiri adadikira mpaka mu 2022 pamene boma lidalemba anthu oposa 11,000 ogwira ntchito zachipatala nthawi imodzi. Ku South Africa madokotala mazanamazana osowa ntchito adachita zionetsero mu 2024. Ku Zimbabwe vuto lidali malipiro: madokotala adanyanyala ntchito kwa miyezi yoposa inayi kuyambira September 2019, boma lidachotsa ntchito oposa 400, ndipo maphunziro a m'mawodi adakhudzidwa kwambiri. Zonsezi zili kunja kwa mphamvu za Dean, koma ndiye amakumana ndi ophunzira a chaka chomaliza akufunsa ngati kuli kwanzeru kukhalabe m'dziko. Mu 2023 bungwe la WHO lidaika Zambia ndi Zimbabwe pamndandanda wa maiko 55 omwe maiko olemera sayenera kukakopako ogwira ntchito zachipatala, momwe mudali kale Malawi ndi Mozambique. Mndandandawo suletsa dokotala kudzifunira yekha ntchito kunja.

Pali zomwe maiko a m'chigawochi ayesera kuchitira limodzi. Pangano la SADC la maphunziro, lomwe lidasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha mayunivesite kusungira ophunzira a m'maiko ena a bungweli malo asanu mwa malo 100 alionse, ndi kuwalipiritsa fizi yofanana ndi ya eni dziko. Lesotho yakhala ikudalira njira yotumiza ana ake m'sukulu za maiko anzake. Chomwe chathandiza kwambiri pa vuto la aphunzitsi ndi bungwe la madokotala a maopaleshoni la COSECSA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Bungweli lilibe nyumba zophunziriramo: limavomereza zipatala zomwe zilipo kale, za boma ndi za mishoni, kuti ziziphunzitsa, ndipo ophunzira a m'maiko onse amalemba mayeso amodzi. Dokotala amaphunzira ukadaulo akugwirabe ntchito kwawo, ndipo mwayi woti atsalira kunja umachepa.

Maiko ena aganiza kuti yankho n'kupatsa sukuluzi ufulu wodziimira pazokha. South Africa idayesa njira zonse ziwiri. Mu 2005 idaphatikiza yunivesite ya zaumoyo ya Medunsa ndi University of the North kukhala University of Limpopo, ngakhale kuti malo awiriwo adali otalikirana makilomita pafupifupi 300. Ukwatiwo sudayende, ndipo mu 2015 sukuluyo idapatukanso ndi dzina loti Sefako Makgatho Health Sciences University. Ku Malawi, mu 2021, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidachoka pansi pa University of Malawi n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ili ndi sukulu zisanu, iliyonse ndi mkulu wake. Ku Zambia kudabadwa Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka.

Kudziimira paokha kumachepetsa makomo ogogoda munthu asadalembe mphunzitsi ntchito kapena kusaina mgwirizano ndi bungwe lakunja, ndipo ndalama za kafukufuku sizimira m'thumba la yunivesite yonse. Koma sikuwonjezera bedi ndi limodzi lomwe m'chipatala, ndipo yunivesite yatsopano imafunika maofesi ake ndi mabwana ake omwe amadya ndalama zomwe zikadapita m'kalasi. Pali chinanso chomwe sichitchulidwa kawirikawiri: wophunzira udokotala yemwe sakhalanso pafupi ndi ophunzira zamalamulo, zachuma kapena za chikhalidwe cha anthu amataya kenakake, pomwe ntchito yake idzamufikitsa m'makhoti, m'mabajeti ndi m'miyambo ya anthu.

Kusintha kumeneku kwasinthanso kasankhidwe ka Dean. Kale, m'mayunivesite ambiri otsata mwambo wa ku Britain, aphunzitsi ankasankha mnzawo mmodzi kuti awatsogolere kwa zaka zochepa, kenako n'kubwerera m'kalasi. Masiku ano ambiri akulengeza udindowu m'nyuzipepala ndi dzina loti Executive Dean, ndipo wopambana amapatsidwa kontirakiti, bajeti ndi zolinga zoti akwaniritse. Njira yakale inkapereka munthu yemwe anzake amamukhulupirira koma wopanda mano. Yatsopanoyi imapereka wamano, koma yemwe aphunzitsi amamuona ngati nthumwi ya akuluakulu a pamwamba. M'njira zonse ziwiri, chomwe amayang'ana kwambiri ndi mbiri ya munthuyo pa kafukufuku ndi pa udokotala. Kuthetsa mikangano, kuwerenga mabuku a zachuma, kukambirana ndi nduna kapena kuima pamaso pa ophunzira okwiya n'zinthu zomwe palibe adamuphunzitsa. Ndipo sukulu ikamuika pampando umenewu imakhala yachotsa m'wodi ndi m'labotale mmodzi mwa akadaulo ake ochepa omwewo.

Palibe nkhani yomwe idaonetsa kulemera kwa mpandowu ngati ya Pulofesa Bongani Mayosi wa ku University of Cape Town. Mayosi adabadwira ku Mthatha mu 1967, ndipo adali mmodzi mwa akadaulo a matenda a mtima odziwika kwambiri mu Africa. Adalimbana ndi matenda a mtima omwe amagwira anthu osauka, monga omwe amayamba ndi zilonda zapakhosi zosachiritsidwa paubwana ndiponso omwe amabwera ndi chifuwa chachikulu. Kuyambira mu 2006 adatsogolera nthambi ya matenda a akuluakulu pa yunivesiteyo ndi pa chipatala cha Groote Schuur, ndipo mu 2009 dziko lake lidamupatsa ulemu wa Order of Mapungubwe.

Adayamba ntchito ya Dean mu 2016, zionetsero za Fees Must Fall zofuna maphunziro aulere zili pachimake. Patangopita masiku ochepa ophunzira adalowa n'kukhala muofesi yake. Mayosi ankamvetsa madandaulo awo, pakuti adathera zaka zambiri akukweza achinyamata achikuda m'maphunziro a udokotala, ndipo adayendapo nawo limodzi pa zionetsero. Komabe ena mwa ophunzirawo adamunyoza kuti wagulitsa mtundu wake, pamene ena mwa aphunzitsi anzake ankamuona ngati wolekerera. Adapempha kutula pansi udindo, koma adalimbikitsidwa kuti apitirize. Pa 27 July 2018 adadzipha ali ndi zaka 51, ndipo banja lake lidalengeza poyera kuti kwa zaka ziwiri adakhala akuvutika ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu.

Komiti yomwe yunivesiteyo idakhazikitsa, motsogozedwa ndi Pulofesa Thandabantu Nhlapo, idatulutsa lipoti lake mu 2020. Lipotilo lidaonetsa kuti zionetserozo zidamupweteka kwambiri mumtima, komanso kuti zizindikiro zoti munthuyo akuvutika zidalipo koma yunivesite sidachitepo kanthu mokwanira ndi m'nthawi yake. Matenda a maganizo ali ndi magwero ambiri, ndipo sikungakhale koona kuloza chala chinthu chimodzi. Koma University of Cape Town ndi imodzi mwa mayunivesite olemera ndi okhazikika kwambiri mu Africa. Ngati kumeneko kudalibe dongosolo lokwanira lothandizira Dean wopanikizika, kapena lomulola kutsika pampando mwaulemu n'kubwerera ku kafukufuku wake, n'zokayikitsa kuti lilipo m'sukulu zing'onozing'ono zomwe mkulu wake amaphunzitsanso, kuona odwala usiku ndi kulemba yekha makalata opempha thandizo.

Mfundo yoti akuluakuluwa amakhalabe madokotala idaonekeranso nthawi ya Covid-19. Ku Nelson Mandela University, mumzinda womwe pano umatchedwa Gqeberha, Pulofesa Lungile Pepeta, kadaulo wa matenda a mtima a ana, adathera zaka zingapo akukonza zotsegula sukulu ya udokotala yachikhumi ya dziko la South Africa. Sukuluyo idaikidwa dala ku Missionvale, pakati pa madera a anthu osauka, pafupi ndi chipatala cha Dora Nginza komwe iye adagwirako ntchito. Mliri utafika, Pepeta adali mmodzi mwa alangizi a boma la chigawo cha Eastern Cape pa nkhondo yolimbana ndi matendawa. Adamwalira ndi Covid-19 mu August 2020. Sukuluyo idalandira ophunzira ake oyamba 50 kumayambiriro kwa 2021.